Ndinafunsa funso pa semina, kompyuta n'kulemba zake zina

Sabata yathayi ndinalowa nawo semina ina ya pa intaneti, mutu wake unali wa makina ozindikira mawu aja ndi momwe amasalira anthu ena. Sinditchula amene anakonza, ndi anthu abwino ndithu ndipo vuto silinali lawo. Anali atayatsa ma caption olemba okha aja pansi pa sikilini kuti amene sakumva bwino aziwerenga. Olankhula awiri oyamba zinayenda bwinobwino, liwu lililonse likutuluka pansipo ngati pali mlembi wakhala pambali. Itakwana nthawi ya mafunso ndinadina kadzanja kaja, mtima uli phaphapha, chifukwa funso limeneli ndinali nditaliyeserera katatu ndekha m'chipinda. Ndinatsegula maiki, kupereka moni, kutchula dzina langa, n'kufunsa. Kuyang'ana pansi, dzina langa lasanduka mawu awiri achingerezi opanda mutu, ndipo funso lonselo latuluka ngati munthu akubwebweta kutulo. Wotsogolera anamwetulira mwaulemu n'kupempha kuti mwina ndingolemba mu chat. Ndinalemba. Mmodzi mwa olankhulawo anaseka, osati kundiseka ine ayi, anangoti zimene akhala akufotokoza ndi ma slide kwa theka la ola zachitika zokha pamaso pa aliyense.

Manyazi anandigwira kaye, sindinama. Koma usiku womwewo ndinagona ndikuganiza kuti misonkhano yokamba za makompyuta ndi anthu ngati imeneyi ndakhala ndikuithamangira zaka zingapo tsopano, ndipo chimene ndaona mobwerezabwereza n'chakuti khomo lolowera pa msonkhano nalonso ndi nkhani ya tekinoloje ndi anthu. Mkati akukamba za amene akusiyidwa kunja ndi makina, pamene ena asiyidwa kunja kwa holo yomweyo.

Ine zinthu zimenezi ndinazidziwira pa kafukufuku wa Joy Buolamwini ndi Timnit Gebru, uja wotchedwa Gender Shades. Anayesa mapulogalamu atatu a makampani akuluakulu omwe amayang'ana nkhope n'kunena ngati ndi mwamuna kapena mkazi. Pa amuna a khungu loyera kulakwitsa kwake sikunapitirire 0.8 peresenti, koma pa akazi a khungu lakuda kunafika 34.7 peresenti. Tangoganizani, mwa akazi atatu aliwonse mmodzi makina akumuphonya. Pepala limeneli analiwerenga mu 2018 ku New York pa msonkhano woyamba wa umene lero umatchedwa FAccT, nthawi imeneyo unkatchedwa FAT*, dzina analisintha pambuyo pake ndipo chifukwa chake mutha kuchiona nokha. Nditawerenga ndinadabwa kuti eti pali msonkhano wonse wathunthu umene anthu a kompyuta, a malamulo, a filosofi ndi a sociology amakhala m'chipinda chimodzi kukangana za zinthu ngati zimenezi. Ine ndinkaona ngati ukasankha kompyuta ndiye wasankha ma code basi, za anthu zisiyire ena.

Kenako ndinazindikira kuti mkanganowu ndi wakale kuposa AI yomwe tikusokosera leroyi. Bungwe la ofufuza za mmene sayansi ndi tekinoloje zimakhudzirana ndi anthu, la Society for Social Studies of Science, ambiri amangoti 4S, linayamba mu 1975 ndipo mpaka pano limachita msonkhano chaka ndi chaka. Mu 1980 katswiri wina wa ku America, Langdon Winner, analemba nkhani yofunsa ngati zipangizo zili ndi ndale, ndipo chitsanzo chake chotchuka ndi milatho ya ku Long Island, ku New York, yomwe mkulu wa zomangamanga Robert Moses anamangitsa yotsika, akuti cholinga mabasi asadutse pansi pake, ndiye osauka ndi anthu akuda omwe ankadalira basi asamafike ku gombe la Jones Beach. Nkhani ya milathoyi akatswiri ena anadzaitsutsa kuti sizinali ndendende choncho, ndipo chimene chimandisangalatsa n'chakuti pa reading group iliyonse imene ndakhalapo, pamapezeka munthu mmodzi amene wabwera ndi mkangano umenewu m'thumba, akungodikira wina atchule mlatho kuti autulutse. Komabe funso la Winner silinafe. Chinthu chikapangidwa, chimakhala chasankha kale amene adutse ndi amene agunde mutu.

Ndiye tiyeni tikambe za mlatho wotsika wa misonkhanoyi, womwe ndi viza.

Mu 2018 msonkhano waukulu wa akatswiri a AI wotchedwa NeurIPS unachitikira ku Montreal, ndipo anthu ambiri ochokera ku Africa omwe amayenera kukakhala nawo pa wekishopu ya Black in AI, gulu la anthu akuda ogwira ntchito za AI, anakanizidwa viza ya Canada, ena anaipeza mochedwa ndege itapita kale. Chaka chotsatira ku Vancouver nkhani inali yomweyo. Anthu amene anali ndi mapepala ovomerezeka, ena tikiti ndi malo ogona zitalipiridwa kale, n'kumaonera pa laputopu anzawo akujambulitsa pafupi ndi ma poster. Mavuto a viza oterewa ndi zina mwa zimene zinachititsa kuti msonkhano wina wa AI wotchedwa ICLR ukonzedwe ku Addis Ababa mu 2020, koma mwatsoka Covid inabwera n'kuukankhira pa intaneti, mpaka mu 2023 m'pamene unadzachitikadi ku Kigali. Ndipo musaganize kuti ndi misonkhano ya akatswiri a masamu yokha. RightsCon, womwe amakonza a bungwe la Access Now ndipo nkhani yake yeniyeni ndi ufulu wa anthu pa intaneti, mu 2023 unali ku Costa Rica ndipo anthu oposa 300 analephera kufika chifukwa dongosolo la viza lomwe ankayembekezera silinayende. Msonkhano wa ufulu, anthu ake atsala pa bwalo la ndege. Okonzawo anavomera poyera kuti zinalakwika, zomwe ndimawalemekeza nazo, chifukwa ambiri amangokhala chete n'kuika zithunzi za anthu akumwetulira.

Ena amati nanga si pali hybrid masiku ano, ungolowa pa intaneti basi. Eya, ndalowapo kambirimbiri ndipo ndikuthokoza kuti ilipo. Koma amene analowapo akudziwa mmene zimakhalira. Kamera aiika kumbuyo kwa holo, wolankhula akuoneka ngati nyerere, wina m'holomo akufunsa funso osagwira maiki ndiye iwe ukungomva yankho lokha n'kumalota kuti kodi funso linali lotani, kenako akuti tipume kaye mphindi 20 ndipo sikilini yako yangotsala ndi mipando yopanda anthu. Pamene mu mphindi 20 zimenezo ndi mmene mukuchitika msonkhano weniweni, anthu akupatsana ma imelo, pulofesa akuuza wophunzira kuti ndili ndi malo a PhD chaka chamawa tandilembere. Keynote, nkhani ya mlendo wamkulu ija, utha kudzaionera pa YouTube mwezi wamawa. Za pakhonde zija sizijambulidwa.

Sikuti ndikulemba kuti ndikufooketseni ayi. Ndikulemba chifukwa ine ndinataya pafupifupi zaka ziwiri ndikuyang'ana makomo akuluakulu okha, kumadikira tsiku limene ndidzakhale ndi pepala lalikulu lovomerezeka, osadziwa kuti m'mbalimu muli timakomo tina tambiri.

Mwachitsanzo Internet Governance Forum (IGF), msonkhano wokambirana za kayendetsedwe ka intaneti womwe umakonzedwa pansi pa United Nations kuyambira 2006 pomwe unachitikira ku Athens, kulembetsa kwake n'kwaulere ndipo sufunika kukhala ndi pepala kuti ulowe. Unachitikirapo ku Nairobi mu 2011 ndi ku Addis Ababa mu 2022, komanso mayiko ambiri ali ndi IGF yawoyawo, ina ya achinyamata okhaokha. Zoona pamakhala zolankhula zambiri zongozungulira, nthawi zina umatuluka osadziwa kuti agwirizana chiyani chifukwa IGF sipanga malamulo, ndi bwalo lokambirana chabe, koma ndi malo amene wophunzira angakhale mzere umodzi ndi munthu wa boma ndi wa kampani ya matelefoni n'kumufunsa maso ndi maso. Palinso African School on Internet Governance yomwe inayamba mu 2013 ku Durban, ya masiku ochepa, amasankha anthu mwa mpikisano. Kwa amene ali pa PhD, Oxford Internet Institute imakhala ndi pulogalamu ya m'chilimwe ya ophunzira a udokotala, ndipo Berkman Klein Center ya ku Harvard imatenga ma fellow omwe si onse ali maprofesa, ena ndi atolankhani, maloya, omenyera ufulu.

Koma imene imandigwira mtima ndi Deep Learning Indaba, msonkhano wa anthu a AI a mu Africa. Inayamba mu 2017 ku Johannesburg, kenako Stellenbosch, Nairobi, Tunis, Accra, Dakar, ikuyendayenda choncho, ndipo inabala timisonkhano tating'ono totchedwa IndabaX tomwe anthu amakonza m'mayiko mwawo. Gulu la Masakhane, lomwe limagwira ntchito yoti makompyuta azimva ndi kumasulira zilankhulo za mu Africa, linakulira m'mabwalo omwewa cha mu 2019, ndipo kuti ulowe sufunsidwa digiri. Chimene anachita chomwe ine ndimachiona chachikulu n'chakuti anthu amene anathandiza kumasulira ndi kusonkhanitsa mawu amawalemba ngati alembi anzawo a pepala, osati kungowathokoza mu kamzere kakang'ono kumapeto. Amene wakhalapo mu zamaphunziro akudziwa kuti dzina pa pepala ndiye ndalama ya kumeneko, ndi limene limatsegula sikolashipu yotsatira. Ndiye vuto langa la ma caption lija, pali anthu amene akulikonza ndithu, ndipo ena a iwo anakumana koyamba pa msonkhano.

Tsopano zing'onozing'ono zomwe palibe anandiuza. Call for papers, chilengezo choitanira anthu kutumiza mapepala chija, ikalemba deadline n'kuwonjezera zilembo zoti AoE, zikutanthauza Anywhere on Earth, nthawi ya maola 12 kumbuyo kwa UTC (nthawi yomwe dziko lonse limawerengerapo), kutanthauza kuti bola tsikulo lisanathe pena paliponse padziko lapansi ukadali m'nthawi. Ine ulendo woyamba sindinkadziwa, ndinakhala maso mpaka pakati pa usiku ndikuthamangitsa abstract, chidule cha pepala langa, n'kutumiza ili ndi ziganizo zosamaliza, kumachita kutuluka thukuta, pamene ndinali ndi nthawi mpaka masana a mawa lake. Inakanidwa, ndipo inayeneradi kukanidwa. Ndemanga za ma reviewer, owunika mapepala aja, zinali zitatu, awiri analemba mwachifundo, wachitatu analemba ngati ndinamubera kanthu, koma chodabwitsa ndi wachitatuyo amene ananena zoona, kuti ndafotokoza vuto masamba onse osanena kuti ineyo ndapeza chiyani.

China, misonkhano yambiri ikuluikulu imakhala ndi travel grant, thandizo la ndalama zoyendera, komanso malo a ma student volunteer, umagwira ntchito maola angapo yolozera anthu zipinda kapena kuyendetsa maiki ndipo sulipira ndalama yolembetsa. Mafomu ake amatsekedwa msanga, nthawi zambiri miyezi ingapo msonkhano usanafike, ndipo kalata yokuitana yofunika ku viza uyenera kuipempha tsiku lomwelo walandira yankho, osadikira. Ndipo wekishopu si mwana wopeza wa msonkhano waukulu monga ndinkaganizira. Pepala lake nthawi zambiri limakhala lalifupi, amalandira ntchito yosamaliza, ndipo m'chipinda mumakhala anthu ochepa moti munthu amene mapepala ake wakhala ukuwerenga atha kuima pa poster yako mphindi khumi akukufunsa mafunso. FAccT ilinso ndi gawo lotchedwa CRAFT lomwe limalandira zinthu zosakhala mapepala, zokambirana, zojambula, anthu a m'madera amene akhudzidwa ndi makinawo kudzalankhula okha.

Apa ndiyenera kunena chimodzi chimene chimandinyansa, ngakhale ena akwiye. Pali kachizolowezi koitana munthu mmodzi wochokera ku mayiko osauka kuti akhale pa panel, n'kumupatsa mphindi zisanu zomaliza kuti anene mmene zinthu zilili kwawo, ngati kuti iye ntchito yake ndi kubweretsa zitsanzo pamene ena abweretsa nzeru. Amamuombera m'manja kwambiri, koma pa mapepala awo otsatira samutchula. Ukaitanidwa chonchi pita ndithu, koma kalankhule mfundo yako, tsutsa chimene wanena pulofesa uja ngati sukugwirizana nacho, usangokhala wofotokoza mavuto. Ine ndinachitapo zongofotokoza mavuto zija ndipo ndinabwerera ndili ndi chithunzi chokongola basi.

Za semina ya sabata yatha ija, mawa lake ndinalandira imelo kuchokera kwa mtsikana wina amene analinso momwemo, wophunzira ngati ine, kudziko lina kutali. Anati naye ma caption amamuchita zomwezo n'chifukwa chake sanatsegule maiki tsiku limenelo, anangokhala chete mpaka kumapeto ngakhale anali ndi funso. Ali ndi kagulu ka anthu asanu ndi mmodzi kowerenga pepala limodzi Lachinayi lililonse, alibe ndalama, alibe dzina, alibe ngakhale logo, ndipo amafunsa ngati ndingalowe nawo. Nthawi yake kwa ine ndi usiku kwambiri chifukwa anayesa kupeza ola loti aliyense akhale maso ndipo wina amayenera kuluza basi. Ndavomera. Sabata ino tikuwerenga pepala la mu 2021 lofanizira ma language model, mapulogalamu a AI olemba mawu aja, ndi zinkhwe zongobwereza mawu, la Emily Bender, Gebru ndi anzawo, ndipo andipatsa ine kuti nditsegule zokambirana, pano ndili pa tsamba lachinayi ndipo Lachinayi ndi mkuja.