Ndinagwira wakuba dzina lake swapper

Seva ya kuntchito kwathu ili ndi ma core 16 (tizigawo ta CPU tomwe kalikonse kamagwira ntchito pakokha), koma anthu akachuluka pa netiweki masana inkachita kukwawa. Abwana anandiitana. "Achimwene, paja inu mumati Linux mumaidziwa. Taonani chavuta n'chiyani." Kunena zoona ndinkaterodi, makamaka pakakhala anthu omvetsera.

Madzulo onse ataweruka ndinatsegula perf, chida choyezera komwe nthawi ya CPU ikupita, chomwe chinalowa mu kernel (mtima wa Linux) mu 2009. Kagwiridwe kake n'kosavuta kumva: kambirimbiri pa sekondi imasuzumira CPU n'kulemba function (kachigawo ka pulogalamu) yomwe yaipeza pamenepo. Ndinalemba perf record -a -e cpu-clock, -a ameneyo kutanthauza ma core onse, kenako n'kudikira. Lipoti litatuluka ndinachita kuimirira. Function imodzi yokha, cpuidle_enter_state, inali itadya nthawi yoposa 90 peresenti! Mwini wake anali swapper, PID 0 (PID ndi nambala yomwe pulogalamu iliyonse yoyenda imapatsidwa). Munthu wabwinobwino angakhale ndi nambala 0? Pompo ndinalemba pa gulu lathu la WhatsApp kuti, "Ndamugwira. Mawa muona liwiro."

Nditafufuza ndinapeza kuti ukaika idle=poll mu GRUB, pulogalamu yomwe imadzutsa Linux makina akamayaka, kernel sidutsanso mu function imeneyo. Ndinaika, n'kuyatsanso makina. Mafani anayamba kulira, kachipinda ka seva n'kutentha mpaka ndinavula jekete, ine n'kumati eya, tsopano makina ayamba kugwira ntchito ndi mtima wonse. Mu lipoti cpuidle_enter_state inasowadi. Kungoti pamalo pake panakhala ina, cpu_idle_poll, ndi maperesenti omwe aja.

M'mawa anafika amayi ena omwe anayamba kusamala maseva ine ndikadali ku sekondale. Anawerenga lipoti langa osathamanga, n'kundiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Mwanawe, swapper ndi amene amakhala pa core ikasowa chochita. Core iliyonse ili ndi wake. Iwe usiku wonse wakhala ukuyeza tulo." Nanga idle=poll? Anati imeneyo imaletsa core kugona, imangozungulira pamalo amodzi n'kumafunsa ngati kwabwera ntchito, magetsi akupita, kutentha kukukwera.

Masana seva itayambanso kukwawa anajambula okha, n'kulemba perf report --sort cpu kuti aone core iliyonse payokha, kenako anatsegula /proc/interrupts, fayilo yomwe imaonetsa ma interrupt, zizindikiro zomwe zipangizo zimatumiza poitana CPU. Zonse zinali poyera. Ma interrupt onse a khadi ya netiweki ankagwera core yoyamba yokha, CPU0, ksoftirqd/0 yemwe amamaliza ntchito ya ma interrupt pa core imeneyo ali wefuwefu, chifukwa irqbalance, pulogalamu yogawa ma interrupt ku ma core, inali yozimitsa. Zinali ngati ganyu woti wolima ndi mmodzi, anzake 15 ali gone pansi pa mtengo wa mango. Core imodzi mwa 16 ndi 6 peresenti ndi kanthu, n'chifukwa chake ukaphatikiza ma core onse mu lipoti limodzi, wovutikayo amabisika kunsi ndipo ogonawo ndi amene amatsogola. Anayatsa irqbalance, ma interrupt anagawika, seva n'kuyamba kuyankha bwinobwino.

Abwana analowa akumwetulira, foni ili m'manja, uthenga wanga uja uli pa sikirini. "Ndiye wakuba uja ali kuti, achimwene?" Ndisanapeze poyambira, amayi aja anatchera khutu kukachipinda kuja, komwe mafani anali akadalirabe.

"Kodi idle=poll yako ija wachotsa?"

Ndinatuluka chothamanga.