Ndinakapeza mbale wa nandolo kumtsinje wa Kiamichi

Ndinagwira ntchito ya ulangizi wa zaulimi zaka zambiri, ndipo duwa la nyemba ndimalidziwa ngakhale nditatsinzina. Lili ndi timasamba tisanu: kamodzi kakakulu koimirira kumbuyo, tiwiri m'mbali ngati mapiko, ndi tiwiri tomatana pansi ngati kabwato. Nandolo ndi choncho, khobwe ndi choncho, ombwe amene tinkauza alimi kuti abzale m'minda ndi chimodzimodzi. Ndiye mwana wa mlongo wanga, amene akuphunzira za zomera ku Texas, atandiuza kuti kuli chitsamba cha banja la nyemba chomwe duwa lake lili ndi katsamba kamodzi kokha, ndinamuyankha kuti mpaka ndione ndi maso anga.

Unali mwezi wa Meyi. Tinayambira ku Fort Worth, ku Botanical Research Institute of Texas, kumene amasunga zomera zouma zomatidwa pamapepala. Mtsikanayo anatulutsa pepala limodzi mosamala ngati wanyamula dzira. "Amalume, nachi chija. Amorpha laevigata." Kanthambi kofiirira, masamba ophwatalala, ndi kachikalata pakona konena kumene kanathyoledwa. Azungu akumeneko amachitcha smooth false indigo. Chimapezeka ku Texas ndi ku Oklahoma, ndipo si chomera chimene munthu angachione paliponse.

M'mawa mwake tinalawirira. Tinalowera kumpoto, tinaoloka Red River pafupi ndi Denison, n'kulowa mu Oklahoma. Pa Durant, pamene pali likulu la anthu a mtundu wa Choctaw, tinakhotera kum'mawa mpaka ku Hugo. Ulendo wa maola pafupifupi atatu, msewu wonse uli myaa, ng'ombe zonenepa uku ndi uku, udzu wobiriwira mpaka kumene maso alekezera.

Chimene chinatikokera ku Hugo ndi mtsinje wa Kiamichi. M'chaka cha 1819, Mngelezi wina dzina lake Thomas Nuttall, amene poyamba anali wosindikiza mabuku, ananyamuka ku Fort Smith pamodzi ndi asilikali n'kutsata mtsinjewu kulowera ku Red River. Iye maso ake anali pa zomera basi, mwakuti anatsalira m'mbuyo akutola maluwa, asilikali aja n'kumusiya. Ndi iyeyu amene anapatsa chitsambachi dzina lakuti laevigata, liwu la Chilatini lotanthauza chosalala, ndipo dzinalo linasindikizidwa mu 1838 m'buku la John Torrey ndi Asa Gray lofotokoza zomera za ku North America. N'chifukwa chake m'mabuku, pambuyo pa dzina la chomeracho, amalembapo "Nutt."

Titatsika m'galimoto sitinayende nthawi yaitali. M'mphepete mwa madzi munali zitsamba zotalika kupitirira munthu, zili ndi ngala za maluwa apepo wakuda, njuchi zili ng'ii. Mtima wanga unadumpha, koma mtsikana uja anapukusa mutu. "Ayi amalume, ameneyu ndi mkulu wake, Amorpha fruticosa. Ameneyu ali ponseponse." Anandiuza kuti anthu anachitengera ku Ulaya ngati chokongoletsa, ndipo lero chasanduka udzu wovuta m'mbali mwa mtsinje wa Danube.

Komabe duwa la onse a mtundu wa Amorpha limapangidwa mofanana, choncho apa ndi pamene ndinaonera chimene ndinadzera. Anandipatsa kagalasi kokulitsira zinthu, ndinathyola kaduwa kamodzi, kochepa ngati njere ya mpunga, n'kukaika pachikhatho. Mapiko palibe. Kabwato palibe. Pali katsamba kamodzi kokha, kaja koimirira kumbuyo, ndipo kadzipinda kukulunga timitengo ta mungu tomwe tatulukira kunja, mitu yake yachikasu chowala. Ndinawerenga timitengoto: khumi, monga mwa nyemba. Ndinathyola kena, n'kuwerenganso, kenako kachitatu. Ndinakhala pansi pamchenga osalankhula kwa kanthawi. Zaka zonse zija ndinkaphunzitsa kuti banja la nyemba umalizindikira ndi duwa la timasamba tisanu, ndipo apa m'dzanja langa munali mbale weniweni wa nandolo amene anasiya timasamba tinayi.

Carl Linnaeus atakumana ndi duwali anatcha mtundu wonsewo Amorpha mu 1753, kuchokera ku Chigiriki, kutanthauza chopanda maonekedwe. Ine dzinali silinandikomere. Duwa lija lili ndi maonekedwe ake, kungoti si amene iye ankayembekezera. Dzina la Chingerezi lija, false indigo, nalonso limachiyesa chomera chabodza cha utoto wabuluu, chifukwa utoto wabuluu weniweni umachokera ku Indigofera, mtundu wina wa banja lomweli umene abale ake ambiri amamera okha m'tchire la kwathu, pomwe utoto wa Amorpha ndi wochepa.

Nanga akatswiri amachiika bwanji m'banja la nyemba ngati duwa likukana? Mtsikanayo anandionetsa zikhokhombe za chaka chatha zomwe zinali zikulendewerabe. Tating'ono, topindika pang'ono, mbewu imodzi kapena ziwiri mkati, koma ndi zikhokhombe ndithu. Masamba ake ndi aja a timasamba tambiri tondondozana pa kamtsitsi kamodzi, kamodzi kali kunsonga. Kumizu kuli timatuza tija tosunga tizilombo tomwe timakoka nayitrojeni mumpweya, monga timaonera tikazula mtedza. Choncho mzere wake umayenda motere: banja la nyemba lotchedwa Fabaceae, nthambi ya Faboideae momwe mulinso nyemba ndi soya, fuko la Amorpheae, kenako mtundu wa Amorpha, womwe uli ndi mitundu ing'onoing'ono pafupifupi 15, yonse kwawo ndi ku North America.

Chosalala chija tinachifunafuna masana onse. Kusiyanitsa abalewa ndi ntchito ya chala ndi kagalasi: upapase kunsi kwa tsamba ngati kuli ubweya, uwerenge timasamba, uyang'ane timadontho ta mafuta pa kapu ya m'munsi mwa duwa ndi pa tsamba. Cha laevigata n'chopanda ubweya, ndipo timadontho take timaoneka kwambiri. Dzuwa linatiwamba, nkhupakupa zinatikwera m'masokosi, ndipo chitsamba chilichonse chomwe tinagwada pansi pake chinali fruticosa yemweyo. Sindinadandaule kwenikweni. Chala changa chinaphunzira kumva kusiyana kwa tsamba ndi tsamba linzake, chinthu chimene ndinali nditaiwala chipumireni pantchito.

Pobwerera tinaima pa Durant kugula madzi ozizira. Mtsikana uja anatenga nyuzipepala yakale, anaika kanthambi ka fruticosa pakati, n'kukapanikiza pansi pa mabuku ake kumpando wakumbuyo. Pakona analemba tsiku, dzina la mtsinje, ndi dzina la wothyola. Analemba langa. Wati Juni wa chaka chamawa tikayesenso chakum'mawa kwa Texas, m'malo a mchenga wonyowa, ndipo ine ndamuuza kuti kagalasi kaja asabwereke munthu wina.