Dzino langa lamatidwa ndi utomoni woyera

Dzulo dokotala wa mano wandimata dzino lakumbuyo lomwe linabooka, ndipo m'malo mwa chitsulo chotuwa chija chotchedwa amalgam, wagwiritsa ntchito phala loyera la utomoni wa kufakitale wosakaniza ndi fumbi la galasi. Ankaika phalalo pang'onopang'ono, osapitirira mamilimita 2 nthawi imodzi, n'kumaliunika ndi katochi ka kuwala kwa buluu mpaka litauma gwa. Amatero chifukwa utomoniwu umachepa pang'ono pouma, ndipo ukathiridwa wochuluka umasiya kampata m'mbali momwe tizilombo timalowera n'kuyambitsanso kuola.

Maziko a phalali ndi mankhwala a Bis-GMA amene katswiri wa mano Rafael Bowen anapanga ku America chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, koma mpaka lero akatswiri akulimbanabe ndi vuto la kuchepali. Ine ndikuona kuti kafukufukuyu ndi wofunika kwambiri, popeza pafupifupi theka la amalgam ndi mercury, chitsulo chapoizoni, ndipo Pangano la Minamata la 2013, lomwe ndi mgwirizano wa mayiko pa nkhani ya mercury, limafuna kuti mayiko achepetse kugwiritsa ntchito amalgam. Utomoni wa mtundu ngati womwewu, akaulimbitsa ndi ulusi wa galasi, amapangiranso mabwato.