Kudzutsa kainjini ka nthunzi ka Mamod: moto ubwere pomaliza

Mukapeza kainjini ka Mamod komwe kagona zaka m'bokosi, mtima umathamangira kuthira madzi ndi kuyatsa moto. Dikirani kaye. Tiinjini timeneti, tomwe Geoffrey Malins anayamba kupanga ku Birmingham m'zaka za m'ma 1930, tambiri takale tili ndi boila (kathanki kowiritsira madzi) ya brasi yomatidwa ndi mtovu wofewa. Ikapsa madzi atauma, mtovuwo umasungunuka n'kuyamba kudontha.

Choncho yambani ndi boila. Iyang'aneni pa dzuwa, makamaka kunsi ndi m'mphepete mwa zivindikiro. Mawanga ofiirira kapena tizoyera totumphuka tikutanthauza kuti zinki yachoka mu brasi, ndipo pamenepo pafewa ngati bisiketi. Boila yotere musaimate, pezani ina. Ngati ili bwino, sakanizani viniga ndi madzi ofunda mulingo wofanana, thiranimo, dikirani mphindi 30 mpaka ola, kenaka tsukuluzani kanayi. Izi zimachotsa zoyera zokanirira ngati za mu ketulo. Musagoneke viniga m'menemo usiku wonse, chifukwa asidi nayenso amadya zinki.

Valavu yotulutsa nthunzi ikachuluka ndiye moyo wa kainjini. Kokani kamtengo kake ndi zala: kazikwera mosavuta, sipuling'i n'kukabweza. Ikakhala yomatirira kapena yadzimbiri, gulani yatsopano, ndipo sinthani mawashala onse. Kumanga valavu ndi waya kuti injini ithamange ndi chinthu choopsa kwambiri.

Tsopano silinda, pomwe pamagona vuto la tiinjini tambiri tofooka. Silinda ya tiinjini tambiri ta Mamod imagwedezeka uku ndi uku, ndipo kugwedezekako ndi komwe kumatsegula ndi kutseka kabowo ka nthunzi. Nkhope ziwiri zokhudzana, ya silinda ndi ya pomwe silindayo imatsamira, zikakandika, nthunzi imathawira m'mbali, gudumu n'kumangonjenjemera osazungulira. Ikani sandipepa wa 1200 pa galasi, dontheziranipo oyilo, ndipo pukutani nkhope ya silinda mozungulira ngati mukulemba 8, mpaka yonse iwale mofanana. Galasilo n'lofunika, pa thabwa nkhope imapindika. Tsukani bwino kuti mchenga usalowe kwa pisitoni. Sipuling'i ya silinda isathine kwambiri, apo ayi injini imalemera.

Musanayatse, yesani ndi mpweya pang'ono wa pampu ya njinga, mutapaka thovu la sopo m'malumikiziro. Podontha pamatukusira.

Pa silinda ndi pisitoni pakani oyilo wolimba wa nthunzi, wa 460. Wa makina osokera amakokoloka msanga, ngoyenera pa shafiti ya gudumu pokha. Thirani madzi amvula osefa, otentha kale, mpaka atulukire pa kabowo koyezera mulingo wa madzi, kapena magawo awiri mwa atatu a boila. Mukadzazitsa, silinda imalavula madzi. Zoyatsira zakale zimagwiritsa sipiriti, zapambuyo pake timibulu toyaka. Moto wa sipiriti suoneka bwino masana, ndiye musawonjezere choyatsira chisanazime n'kuzizira, ndipo nthawi iliyonse mukawonjezera sipiriti, wonjezeraninso madzi.