Kulembetsa chizindikiro cha malonda kunja kwa Zambia: kudzera ku Madrid kapena dziko lililonse palokha?

Katundu wa kuno ku Chipata sachedwa kuwoloka malire. Chiponde cha nshawa zathu, mafuta a mpendadzuwa, mpunga wa ku Chama ndi uchi zimadutsa pa Mwami kupita ku Mchinji ndi ku Lilongwe, ndipo zina zimatulukira pa Chanida kulowera ku Tete. Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti eni mabizinesi ambiri amene ndimakambirana nawo amakhulupirira kuti akalembetsa dzina ndi chizindikiro chawo ku PACRA, ofesi ya boma yolembetsa makampani ndi zizindikiro za malonda, ndiye kuti zatetezedwa kulikonse kumene katunduyo angafike. Satifiketi ya PACRA imagwira ntchito m'Zambia mokha. Munthu wina wa ku Lilongwe akaona kuti chiponde chanu chikuyenda malonda n'kuyamba iyeyo kulembetsa dzinalo m'dziko lake, inu amene munalipanga ndi amene mudzavutike kufotokoza kukhoti, ndipo mwina mudzaletsedwa kugulitsa kumeneko ndi dzina lanu lomwe.

Wofuna chitetezo kunja ali ndi njira zikuluzikulu ziwiri. Yoyamba ndiyo kupita ku ofesi ya dziko lililonse palokha, kulemba loya kapena ajenti wa konko, kulipira m'ndalama za konko ndi kutsata chilankhulo cha ofesiyo, monga Chipwitikizi ku Maputo. Yachiwiri ndiyo dongosolo la Madrid, limene limayendetsedwa ku Geneva ndi WIPO, bungwe la padziko lonse loona za umwini wa zizindikiro ndi zinthu zina zopangidwa ndi nzeru. Dziko la Zambia linalowa m'pangano limeneli m'chaka cha 2001. Mwini chizindikiro amene analembetsa kale kwathu kuno, kapena amene wapereka pempho lake ku PACRA, amadzaza pempho limodzi m'Chingerezi, amasonyeza maiko amene akufuna, ndipo PACRA ikatsimikizira kuti zikugwirizana ndi zimene zili m'kaundula wake, imatumiza ku Geneva.

Pa nkhani ya ndalama, njira ya Madrid imatikomera ndithu. Malipiro oyambira ndi mafranki a ku Switzerland 653, kapena 903 ngati chizindikirocho chili ndi mitundu, koma olembetsa ochokera m'maiko amene bungwe la United Nations limawawerengera m'gulu la osaukitsitsa, kuphatikizapo Zambia, amalipira gawo limodzi mwa magawo khumi, ndiye kuti mafranki 65 kapena 90. Pamwamba pake pamabwera malipiro a dziko lililonse limene mwasankha. Maiko ena amalandira mafranki 100, pamene ena, monga United States ndi European Union, anaika mitengo yawoyawo yokwera kwambiri. Chitetezo chimakhala cha zaka 10, ndipo pozikonzanso kapena posintha adiresi mumalemba kamodzi kokha m'malo molembera ofesi iliyonse.

Komabe sindikulangiza aliyense kuthamangira ku Madrid asanayang'ane mapu. Funso loyamba ndi lakuti katundu wanu akupita kuti chaka chino ndi chaka chamawa, chifukwa anansi athu agawikana pa nkhaniyi. Mozambique inalowa m'dongosololi mu 1998, Zimbabwe mu 2015, Malawi mu 2018, ndipo Botswana, Namibia ndi Kenya nawonso alimo. Koma South Africa, Tanzania, Democratic Republic of Congo ndi Angola sali m'dongosolo la Madrid. Amene akuyembekezera kugulitsa ku Johannesburg ayenera kupita ku CIPC, ofesi yolembetsa ya ku South Africa, amene akulunjika ku Dar es Salaam ayenera kupita ku BRELA, ofesi ya ku Tanzania, ndipo Zanzibar ili ndi kaundula wake wosiyana ndi wa kumtunda. Wamalonda amene misika yake ili ku Lubumbashi ndi ku Tunduma sangapindule kanthu ndi mtengo wotsika wa ku Geneva.

Mfundo imene ndikufuna kuikhalira pansi ndi ya zaka zisanu zoyambirira. M'zaka zimenezi kulembetsa kwa ku Geneva kumatsamira pa chizindikiro cha kwathu, monga momwe denga limatsamira pa mzati. PACRA ikakana pempho lanu, kapena wina akakutsutsani kuno n'kupambana, chitetezo chimagwa nthawi imodzi m'maiko onse amene munasankha. Lamulo limalola kuti pasanathe miyezi itatu musandutse kulembetsako kukhala mapempho a dziko lililonse popanda kutaya tsiku lanu loyamba, koma pamenepo mudzalipira ofesi iliyonse ndi loya aliyense, kuwonjezera pa zimene munapereka kale. Ngozi imeneyi ndi yaikulu kwa ife chifukwa cha mmene timatchulira katundu wathu. Timakonda maina amene amangonena malo kapena mtundu wa chinthucho, monga dzina la tauni yathu pamodzi ndi mawu oti nshawa kapena uchi, ndipo maina otero ndi amene maofesi amakonda kukana, popeza munthu mmodzi sangatsekereze alimi ena onse a ku Chipata kunena kumene mbewu zawo zachokera. Ngati dzina lanu lili lotere, kapena mukudziwa kuti pali wina amene ali ndi dzina lofanana nalo, ndi bwino kudikira kuti la kwathu likhazikike kaye, apo ayi mulembetse dziko lililonse palokha kuti kugwa kwa limodzi kusagwetse onse.

Palinso zina zimene dongosolo la Madrid silingasinthe. Chizindikiro chopita ku Geneva chiyenera kukhala chomwecho chimene chili ku PACRA, ndipo mndandanda wa katundu sungapitirire umene munalembetsa kwathu. Katundu ndi ntchito zimagawidwa m'magulu 45. Chiponde ndi mafuta ophikira zili m'gulu 29, pamene mpunga ndi uchi zili m'gulu 30, choncho amene analembetsa chiponde chokha sangawonjezere uchi pa pempho la kunja asanaulembetse kuno. Chimodzimodzinso amene akufuna dzina lina la Chipwitikizi pa msika wa ku Tete adzafunika pempho lapadera. Ndiponso WIPO sipereka chigamulo m'malo mwa maiko. Ofesi ya dziko lililonse imaunika chizindikirocho potsata malamulo ake, ndipo ili ndi miyezi 12, kapena 18 m'maiko ena, yoti ikane. Ikakana, mudzafunikabe loya wa dziko lomwelo kuti ayankhe, ndipo ndalama imeneyi iyenera kukhala m'bajeti kuyambira pachiyambi.

Ena amafunsa za ARIPO, ofesi yolembetsera maiko angapo a mu Africa pamodzi, imene likulu lake lili ku Harare ndipo inakhazikitsidwa ndi pangano losainidwa ku Lusaka mu 1976. Pangano lake la zizindikiro, la Banjul, limafikira maiko monga Malawi, Mozambique, Zimbabwe, Botswana ndi Uganda, koma Zambia sinalowemo. Musanasankhe njira imeneyi, kapena ya Madrid yomwe, funsani loya ngati dzikolo linaika panganolo m'malamulo ake, chifukwa khoti limaweruza ndi lamulo la dziko. Ngakhale kwathu kuno lamulo lakale la 1958 silinkatchula za Madrid, ndipo nkhaniyi inadzalembedwa m'lamulo latsopano la zizindikiro za malonda la 2023.

Maganizo anga ndi awa. Wogulitsa chiponde amene msika wake wakunja ndi Lilongwe yokha alembetse mwachindunji ku Malawi, chifukwa adzakhala ndi satifiketi yoima payokha komanso loya amene akudziwa kale nkhani yake ngati pabuka mkangano. Kampani kapena kopaletivu imene ikutumiza ku Malawi, Mozambique ndi Zimbabwe, ndipo dzina lake ndi lolimba, igwiritse ntchito Madrid, podziwa kuti maiko ena ikhoza kudzawawonjezera pambuyo pake pa kulembetsa komweko, ndipo South Africa iilembetse padera. Pa njira zonsezi, pangano la maiko la Paris, loteteza zizindikiro za malonda, limapatsa munthu miyezi isanu ndi umodzi kuchokera pa tsiku limene anapereka pempho ku PACRA kuti akapemphe kunja n'kuwerengeredwa tsiku loyambalo, choncho nthawi yoganizira za kunja ndi yomweyo imene mukulembetsa kwathu.

Chimodzi chimene ndikupempha ndi mtima wonse n'chakuti musalole kuti wokugulitsirani katundu kutsidya la malire alembetse chizindikirocho m'dzina lake, ngakhale atakhala wachibale kapena atadzipereka kulipira zonse. Ofesi imazindikira amene walembedwa m'kaundula kuti ndiye mwini wake, ndipo tsiku limene mudzafune kusintha wogulitsa mudzayenera kugula dzina lanu kwa iye kapena kupita naye kukhoti m'dziko lake. Ngati akufuna kuthandiza, apereke ndalamazo, koma pempho lilembedwe m'dzina la bizinesi yanu, ndipo iye apatsidwe chilolezo cholembedwa chogwiritsira ntchito chizindikirocho kwa nthawi imene mwagwirizana.