Hyperloop idzaimanso pa Beitbridge

Mphwanga wa ku Zomba wanditumizira kavidiyo pa WhatsApp, ati: "Malume, izi zikafika muzidzadya nkhomaliro kumudzi n'kukagona ku Joni." Ndi zija za hyperloop: chipaipi chachitali chomwe amapopamo mpweya, ndipo mkati mwake mumathamanga timabogi toyandama ndi mphamvu ya maginito. Poti mulibe mphepo yolimbana nayo, akuti liwiro lake likhoza kufika makilomita 1,200 pa ola. Anatchukitsa ganizoli mu 2013 ndi Elon Musk, wobadwira pa Pretoria pompa.

Masamu akewo ngokoma. Kuchoka pa Park Station ku Joni kukatsikira pa Wenela ku Blantyre ndi makilomita oposa 1,600, ndiye kuti maola awiri sangakwane. Koma aliyense amene anakwerapo basi yakumudzi akudziwa pomwe nthawi imathera. Pa Beitbridge mumatsika nonse, zikwama zonse pansi, kondakitala akutolera mapasipoti, mayi wa mwana kumsana atakhalira chigubu cha mafuta ophikira mpaka kunja kuyera. Mukapola pang'ono, Nyamapanda uyo. Kenako Zobue, kenako Mwanza, kumene a kasitomu amafuna lisiti ya firiji imene munagula kwa mnzanu ku Mayfair. Chipaipicho chingathamange bwanji, chidindo amamenyabe ndi munthu.

Ndiponso eni akewo sizinawayendere. Kampani ya Virgin Hyperloop inakweza anthu awiri mu November 2020 kuchipululu cha Nevada, ndipo anayenda pa liwiro la makilomita pafupifupi 170 pa ola. Sitima yathuyi ya Gautrain kuno ku Joni, imene inayamba mu 2010, imagunda 160 anthu akuseweretsa mafoni. Mu 2022 a Virgin Hyperloop anasiya za anthu n'kuti azinyamula katundu yekha, ndipo pofika kumapeto kwa 2023 kampaniyo inatsekedwa.

Pa katundupo ndiye ndimaonapo nzeru ndithu. Kontena sichita chizungulire, sifuna chimbudzi, sifuna zenera. Yendani pa N3 muone mathiraki ondondozana kuchoka kudoko la Durban kubwera ku City Deep, kosungirako makontena kuno ku Joni. Njira ngati imeneyo, yopanda malire a dziko, chipaipi chikhoza kuipepuza. Kungoti chimafuna magetsi osathimathima, komanso alonda, poti kuno mawaya a njanji amasowa usiku umodzi.

Koma matiresi ndi njinga zimene timapatsira amatilansipota mwezi ukatha, sindikuona zikulowa m'kabogi kameneko. Ine atandifunsa, ndinganene kuti ayambe achita pa Beitbridge zomwe anachita pa Chirundu, pamalire a Zambia ndi Zimbabwe, mu 2009: maofesi a mayiko awiri pamalo amodzi, kutsika kamodzi basi.