Momwe ndinalowera ntchito kubungwe, kuyambira kumsasa wa ku Chilobwe

Ndikakwera minibasi ya ku Limbe nditavala tisheti ya kuntchito, nthawi zambiri pamapezeka wondikodola. "Asisi, kumabungweku munalowako bwanji? Muli ndi wachibale?" Wachibale ndilibe. Ndili ndi dipuloma ya zachitukuko cha m'madera, yomwe inatha zaka ziwiri ili m'sutikesi pansi pa bedi, ine ndikugulitsa zitumbuwa ndi amayi pakhomo. Makalata ofunsira ntchito ndinalemba ambiri, ena ndinakasiya ndekha pageti kwa alonda, koma sindinaitanidwepo n'kamodzi komwe.

Njira inatseguka pa tsoka, ndipo sindinena izi mopepuka. Usiku wa pa 12 kuchera pa 13 Marichi 2023, namondwe wa Freddy atafika, matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche n'kukokolola nyumba ku Chilobwe ndi ku Manja. M'dziko lonse, omwalira ndi osowa anaposa 1,000. Nyumba yathu inatsala chifukwa ili kumunsi, kutali ndi khwawa. Kutacha ndinapita kusukulu ya pulayimale komwe anthu anathawira, kukafuna mnzanga wa kukwaya. Ndinamupeza ali moyo, atakhala pansi m'kalasi, chitenje chonyowa, mwana kumsana.

Panja, mlangizi wa zaumoyo ankasungunula klorini m'ndowa ali yekha. Kolera inali isanathe, paja inayamba mu 2022, ndiye madzi akumwa pamsasa sanali nkhani yoseweretsa. Ndinamugwirira ndowa imodzi osafunsa. Tsiku lachiwiri anandiyang'ana n'kunena kuti, "Chemwali, dzanja lanu limawerengeka?" Anandipatsa kope lachikuto cholimba ndi bolopeni. Ntchito yanga inali kulemba banja lililonse: dzina la mutu wa banja, anthu angati, ana osakwana zaka zisanu angati, amayi oyembekezera, okalamba. Panalinso mzere wina womwe sunkafunsidwa mokweza, wa anthu omwe amamwa mankhwala tsiku ndi tsiku koma mabuku awo a kuchipatala apita ndi madzi. Amenewo ndinkapita nawo kuseri kwa kalasi, n'kufunsa motsitsa mawu. Agogo ena anandigwira dzanja nati, "Mdzukulu wanga, ulembe bwino dzina langalo, ndatsala ndi lokhalo."

Ndinakhala pamsasapo milungu itatu. Mabungwe ankabwera ndi ufa, mabulangete, ndowa ndi sopo, ndipo aliyense ankafuna kaundula. Kope lija linkadutsa m'manja ambiri. Apa ndi pomwe ndinachita chinthu chomwe anzanga ambiri odzipereka sanachite, ndipo mpaka lero ndimawamvera chisoni. Mayi wina wa bungwe laling'ono la konkuno, yemwe ankabwera tsiku lililonse, anandikokera pambali msasa uli pafupi kutsekedwa. "Mwanangu, wagwira ntchito yooneka. Koma ikapanda kulembedwa papepala, mawa palibe adzaidziwe. Ubwere ku ofesi ndikulembere kalata." Ndinapita. Kalatayo inali ya ndime ziwiri zokha, yonena masiku omwe ndinagwira, zomwe ndinkachita, chidindo ndi nambala yake ya foni. Inu amene mukuthandiza kwinakwake mwaulere, pemphani kalata yotere ntchitoyo ikadali m'maso mwa anthu. Pakapita chaka, amene anakuonani amakhala atasamuka.

Bungwe lomwelo linandilandira ngati wodzipereka wokhazikika, koma sikunali kungofika n'kuyamba. Anafuna kalata yanga yopempha, fotokope ya chiphaso cha unzika, ndi kalata yondichitira umboni yochokera kwa amfumu kapena abusa. Ine ndinapita kwa amfumu a dera lathu, omwe amandidziwa kuyambira ndili wamng'ono. Kenako tinaphunzitsidwa masiku awiri za kuteteza ana ndi anthu omwe tikuwathandiza: osakhala ndi mwana wekha m'chipinda chotseka, osajambula munthu asanavomere, osapempha kanthu kalikonse posinthana ndi thandizo, ndiponso kokanena ukaona mnzako akuchita zimenezo, ngakhale akhale bwana. Tinasainira.

Pamenepa funsani mafunso, paja safunsa anadya phula. Ndidzagwira masiku angati pa mlungu? Thiransipoti mudzabweza? Chakudya cha masana chilipo? Ndidzakhala pansi pa ndani? Ine ankandibwezera ya minibasi yokha, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalamayo sinkakwananso ulendo wopita ndi wobwerera. Masiku ena ndinkatsikira pa Ginnery Corner n'kumaliza wapansi. Kudzipereka kumadya m'thumba, ndipo ndikudziwa kuti si aliyense angakwanitse. Ine ndinali ndi amayi ondidyetsa. Mnzanga wina wolera azing'ono ake anasiya pa mwezi wachiwiri, ndipo anali waluso kuposa ine. Bungwe lomwe limasunga wachinyamata zaka ziwiri kapena zitatu likumugwiritsa ntchito ya munthu wolipidwa, n'kumangomuuza kuti apirire, likulakwa. Zimenezo ndimazinena ngakhale pamsonkhano wa kuntchito kwathu.

Komabe pali kudzipereka kwina komwe sikuyang'ana ntchito kutsogolo, ndipo sindikufuna kukuiwala. Mukadutsa pasukulu zina za pulayimale mumzinda muno m'mamawa, mudzaona utsi ukufuka kukhitchini. Amenewo ndi amayi ophika phala la likuni la Mary's Meals, bungwe lomwe linayambira kuno ku Malawi mu 2002. Amadzuka usiku, kutunga madzi, kusonkha moto, kuvundula miphika ikuluikulu kuti ana alowe m'kalasi m'mimba muli kanthu. Sadikira kontirakiti. Ndikatopa ndi mapepala a mu ofesi, ndimawakumbukira.

Chinanso chomwe chinandithandiza ndi kupezeka pa zochitika. Anthu a m'mabungwe mu Blantyre muno amazungulira malo omwewo. Ine ndinkawapeza pa tsiku loyeretsa m'madera lomwe boma linakhazikitsa mu 2020, Lachisanu lachiwiri la mwezi. Pomwe a Malawi Blood Transfusion Service aika matebulo awo kuti anthu apereke magazi. Pa masiku 16 olimbana ndi nkhanza kwa amayi ndi atsikana, kuyambira pa 25 Novembala mpaka pa 10 Disembala. Ndi pa 1 Disembala, tsiku lokumbukira za Edzi. Musapite ndi envelopu m'manja kukasaka bwana. Pitani mukanyamule mipando, mukalembe maina pakhomo, mukatole zinyalala anthu akabalalika. Ntchito yanga yoyamba yolipidwa ndinaimva kwa dalaivala wa bungwe lina tikukweza matenti m'galimoto.

Isanafike imeneyo, ndinaberedwa. Uthenga unabwera pagulu lathu la pa WhatsApp, uli ndi chizindikiro cha bungwe lalikulu lodziwika, wonena kuti akufuna achinyamata ambiri ndipo malipiro ake anali okoma. Ndinatumiza mapepala. Tsiku lomwelo bambo wina anaimba, waulemu kwambiri, nati ndasankhidwa, kwangotsala kuti nditumize kandalama ka fomu ndi ka yunifomu pa foni isanakwane 4 koloko. Ndinabwereka kwa achimwene anga n'kutumiza. M'mawa mwake nambala ija sinkapezekanso. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Bungwe lenileni silipempha ndalama kwa wofunsira ntchito, kaya ya fomu, kaya ya maphunziro, kaya ya kuchipatala. Onaninso adiresi ya imelo ngati ikugwirizana ndi dzina la bungwelo, ndipo ngati ofesi yake ili mumzinda muno, pitani mukafunse pageti. Mabungwe omwe si a boma amayenera kulembetsa ku NGORA, ofesi ya boma yoyang'anira mabungwewa, ndipo ambiri ndi mamembala a CONGOMA, mgwirizano wa mabungwe omwewa, choncho dzina lachilendo mukhoza kulifufuza kumeneko. Achimwene ndinawabwezera ndalama yawo patapita miyezi inayi.

Malonda a ntchito odalirika ndinkawapeza m'nyuzipepala za The Nation ndi The Daily Times, komanso pamasamba a mabungwe eni ake pa intaneti. Nyuzipepala sindinkagula tsiku lililonse. Ku ofesi inkabwera, ndipo mlonda ankandisungira ya dzulo.

Ntchito yomwe ndinamva kwa dalaivala ija inali ya kalembera wa masiku khumi. Anatiphunzitsa kugwiritsa ntchito KoboCollect patabuleti, pulogalamu yomwe mabungwe ambiri amatolera nayo mayankho a kafukufuku ngakhale pomwe palibe netiweki. Musazinyoze ntchito zazifupizi. Pa CV yanga zinawonjezera mzere womwe olemba ntchito amaufuna, ndiponso munthu wachiwiri wondichitira umboni.

Chakumayambiriro kwa 2024 ndinaona malonda a ntchito ya ofisala woyendera madera. Mapepala anga anali okonzeka kale, ndipo ichi n'chomwe ndimauza aliyense: musadikire malonda kuti muyambe kuthamanga. Mafotokope a setifiketi ya MSCE ndi dipuloma ndinali nditadinditsa kale kwa loya kuti ndi ofanana ndi enieni. CV inali masamba awiri. Ndinachotsamo zoti ndimakonda kuwerenga ndi kuimba, n'kulembamo zomwe ndinachita ndi manja anga: kusunga kaundula wa mabanja pamsasa, kuphunzitsa za madzi ndi ukhondo, kutolera mayankho patabuleti. Ondichitira umboni atatu ndinawaimbira kaye mmodzimmodzi, chifukwa n'zochititsa manyazi munthu kuimbiridwa foni n'kumafunsa kuti, "Mukuti ndani?" Kalata yofunsira ntchito ndinailemba mwatsopano, ndikuyang'ana zomwe malondawo akufuna mzere ndi mzere. Zonse ndinaziphatikiza mu PDF imodzi, pamutu pa imelo n'kulemba dzina la ntchitoyo monga momwe iwo analembera. Ndinatumiza kutatsala masiku atatu, poti tsiku lomaliza magetsi kapena netiweki zikhoza kukukhumudwitsa.

Panapita milungu isanu kuli zii. Kenako foni.

Tinalipo asanu ndi atatu. Poyamba anatipatsa mayeso olemba pakompyuta: lipoti lalifupi m'Chingerezi ndi katebulo ka manambala mu Excel. Amene simunaigwirepo Excel, pezani wokuphunzitsani lero. Awiri mwa ife anatuluka asanamalize. Masana tinalowa mmodzimmodzi kwa anthu anayi. Mafunso oyamba anali a m'Chingerezi, ndipo mawu anga ankanjenjemera. Kenako bambo wina wachikulire anatembenukira ku Chichewa. "Mayi, tiyerekeze mwafika m'dera, amfumu akupatsani maina, ndipo mwaona kuti ambiri ndi abale awo. Mutani?"

Pamenepo mtima unakhala pansi, chifukwa zimenezo ndinaziona ndi maso pamsasa. Ndinayankha kuti amfumu sindingawatsutse pagulu, poti mawa ndidzawafunanso ndipo ulemu wawo ndi wofunika. Ndikhoza kukhala nawo pansi ndi komiti, kuwakumbutsa mfundo zosankhira anthu zomwe tinagwirizana, kenako maina n'kukawerengedwa pabwalo anthu onse akumva, kuti eni dera anene okha yemwe akuyenera. Ndikabwerera ku ofesi ndikalemba zomwe zachitika, osabisa. Bamboyo sanayankhe kanthu, anangolemba. Atandifunsa ngati ndili ndi funso, ndinafunsa kuti pulojekitiyo ndi ya zaka zingati ndipo kumadera tizipita pa chiyani. Anati pa njinga yamoto, ndiye ndiyambe kuganiza za laisensi.

Atanditenga, anafuna kalata ya kupolisi yosonyeza kuti ndilibe mlandu, chifukwa ntchitoyo imakhudza ana. Kupolisi amakudinda zala, umalipira n'kulandira lisiti, ndipo kalatayo situluka tsiku lomwelo. Lisitilo lisungeni, ine ndi lomwe ndinaonetsa kuntchito podikira. Anafunanso akaunti ya kubanki ndi dzina la wachibale woti adziwitsidwe pakagwa kanthu.

Kontirakiti ndinapempha kupita nayo kunyumba. Ndinaiwerenga usiku, amayi atakhala pambali akundifunsa tanthauzo la ndime iliyonse. Inali ya miyezi 12, itatu yoyamba yondiyesa. Malipiro olembedwa pamenepo si omwe amafika m'manja: amachotsa msonkho wa PAYE wopita ku MRA, ndi 5 peresenti ya penshoni, pomwe olemba ntchito amaikapo 10 peresenti yawo monga lamulo linenera. Pakapita miyezi ingapo, funsani umboni woti ndalama ya penshoniyo ikufikadi komwe iyenera kupita. Panalinso ndime imodzi yomwe amayi anandiuza kuti ndiibwereze kawiri, yonena kuti ntchitoyo idalira kupezeka kwa thandizo la ndalama kuchokera kwa opereka.

Ndimeyo ndinaimvetsa bwino mu Januwale 2025, boma la America litaimitsa thandizo lake la kunja. Anzanga omwe ndinkawasirira, a m'mabungwe akuluakulu, anauzidwa kuti akhale kaye kunyumba, ndipo ena sanabwererenso. Dalaivala uja anali mmodzi wa iwo. Ife thandizo lathu limachokera kwina, ndiye anatiwonjezera chaka, koma madera awiri tinasiya kuwayendera, ndipo ine ndi amene ndinatumidwa kukauza makomiti ake. Amayi ena a m'komiti anandiperekeza mpaka pamsewu, nati, "Mwana wathu, ife tizikumanabe Lachitatu lililonse. Mukadzapeza mpata mudzatione." Ndimapitako Loweruka lina ndi lina, pa thiransipoti yanga.

Kontirakiti yomwe ndili nayo pano ikutha mu Disembala. Mafotokope ena ndadinditsa kale, ndipo CV ndinaikonzanso mlungu wathawu.